Careers Service ya pa yunivesite ku UK: imathandizadi ife a masters obwerera kumudzi?

Anthu angapo amene mukunyamuka chaka chino mwakhala mukundifunsa kuti kodi ofesi ija yothandiza ophunzira pa nkhani za ntchito, amati Careers Service, ndi yaphindu kapena ndi zongokongoletsera timabuku totsatsa sukulu, nde ndati bola ndilembe kamodzi aliyense adziwerengere. Ine ndinapanga masters ya chaka chimodzi pa yunivesite ina kumpoto kwa England, mbali ya zachuma ndi ulimi, pa sikolashipu ya mtundu uja umasayinira kuti ukamaliza ubwerera kwanu. Dzina la sukulu ndilisunga, pali zina ndidandaule, komanso anzanga amene anali ku Scotland ndi ku London akamafotokoza zawo zimangofanana ndi zanga. Yankho langa ndi loti pitaniko, ndipo mupiteko mwezi woyamba womwewo. Simulipira kalikonse, ndalama yake ili kale mu fizi ija ya ife alendo imene ukaisintha m'makwacha mutu umawawa. Koma mudziwiretu kuti ofesiyi anaikonzera munthu amene akufuna ntchito ku Britain konko, nde ngati ulendo wanu ukathera ku Lilongwe kapena ku Mzuzu muziwauza nokha kumene mukulowera, mukangokhala chete akutengerani kwina mwaulemu wake.

Kachitidwe kake nkosavuta. Umalowa pa intaneti ndi akaunti ya sukulu nkusungitsa nthawi. Pali yamsangamsanga, ka mphindi 15 kapena 20, yongoonetsa CV kapena kalata yofunsira ntchito, pali yaitaliko yokambirana za tsogolo lako, pali mawekishopu, pali intavyu yoyeserera, kuphatikizapo tsamba lawo lomwe makampani amaikapo ntchito. Chondinyansa choyamba chinali kusungitsa nthawiko. Mu October ndi November malo amatha ngati akugawa zaulere, ukatsegula foni uli m'basi upeza zonse zadzaza, ndipo sakuuza kuti atsegula liti ena, umangodziwira kwa anzako kuti uzidzuka m'mawa nkumadikirira. Ikafika February malo ali mbwee koma nthawi imeneyo zambiri zadutsa kale.

Ndikuti zadutsa chifukwa kalendala ya kumeneko ndi yankhanza kwa munthu wa masters. Sukulu imayamba kumapeto kwa September, ndipo makampani akuluakulu amatsegula mipata ya omaliza maphunziro mu September ndi October momwemo, ambiri nkutseka chaka chisanathe, ya ntchito yoti udzayambe chaka chamawa. Ndalama za PhD nazonso zambiri zimatsekedwa cha mu December ndi January. Iwe nthawi imeneyo ukusaka nyumba, ukusaka jekete, ukuphunzira kakweredwe ka basi, ukufunsa kumene amagulitsa ufa, asayinimenti yoyamba yakupana, kunja kukuda 4 koloko isanakwane. Ukadzati tsopano ndakhazikika ndiganize za ntchito, wapezeka uli mu June, disateshoni yakugwira pakhosi mpaka August. A ofesiyi zimenezi amazidziwa bwinobwino koma amazinena sabata yolandira alendo, mu imelo imodzi pakati pa maimelo ankhaninkhani a laibulale, a masewera, a chipatala, a zamoto. Akanati azibwera m'kalasi sabata yachitatu nkunena pamaso kuti anthu inu nthawi ndi inoyi, ambiri akanapulumuka.

Pa CV pokha ndiwapatsa malikisi onse. Yanga inali ya kwathu yeniyeni, mapeji ambirimbiri, pamwamba CURRICULUM VITAE m'zilembo zikuluzikulu, kenako tsiku lobadwa, mudzi, T/A, boma, mpingo, wapabanja kapena ayi, kenako sukulu kuyambira ku pulayimale, JCE, MSCE ndi mapointi ake, mawekishopu onse a ku Mponela ndi ku Salima ndi ku Mangochi amene ndinakhalapo, zomwe ndimakonda ndikakhala ndilibe chochita, pamapeto ma referee atatu ndi manambala awo. Mayi amene anandithandiza anaiwerenga mwakachetechete osaseka ngakhale pang'ono, atafika pa T/A anandifunsa kuti kameneka ndi ka chiyani, nditawafotokozera kuti ndi mfumu yaikulu ya dera la kwathu anachita chidwi zedi, anafunsanso mafunso awiri atatu a za ufumu, kenako anakhwatchapo ndi bolopeni. Anati kumeneko kuli lamulo la 2010, Equality Act, loletsa kusala munthu chifukwa cha zaka, chipembedzo, mtundu kapena zoti ali pabanja, nde olemba ntchito safuna nkomwe kuziona zimenezo papepala, chithunzi nachonso ayi. Mapeji awiri basi.

Koma kudulako sikunali kwenikweni kumene kunandithandiza. Chinandithandiza ndi mafunso amene anayamba kundipanikiza nawo pa mzere uliwonse wa ntchito yanga yakale. Ine ndinalemba kuti ndinkayang'anira ntchito za ulangizi m'midzi. Iwo amvekere, midzi ingati, alimi angati, bajeti yake inali yochuluka bwanji, ndipo inu mutachoka chinasintha nchiyani chimene sichikanasintha mukanapanda kukhalapo? Ndinangoti kukamwa yasa. Manambalawo ndinali nawo, anali mu malipoti akale mu laputopu momwemo, koma kwathu CV timalemba zimene bwana anatipatsa kuti tizichita, osati zimene tinachitadi, nde anthu khumi amene anagwirapo udindo umodzi CV zawo zimafanana ngati anakoperana. Nditabwerera ndi yokonzedwayo ndinadziwerenga ndekha nkumati eee, munthu ameneyu ndingamulembe ntchito.

Chenjezo langa pamenepa, chimene iwo sangakuuzeni, musataye ya kwathu ija. Mukafika kumudzi mudzapeza kuti ku boma ndi m'mabungwe a boma akufunabe makope a masetifiketi odindidwa, ma referee atatu opezeka, ndipo ena m'kati mwa komiti akaona CV ya mapeji awiri amaganiza kuti mwana uyu alibe kanthu. Yaifupi ija imagwira bwino m'mabungwe akunja ndi ku UN. Ya ulekichara nayo ndi ina, yaitali, yokhala ndi zomwe munasindikiza ndi zomwe munaphunzitsa. Zitatu zonsezo muzikonzeretu muli konko intaneti ikadali yaulere.

Tsopano gawo limene ambiri amalinyoza, lokambirana za tsogolo. Ine ndemwe poyamba linandikwiyitsa. Kwathu ukapita kwa wamkulu ndi nkhani, amakuuza chochita, kaya ndi amalume, kaya abusa, kaya aphunzitsi a fomu 4 aja ankati iwe masamu umakhoza kapange za maakaunti. Awa ayi. Ukawafunsa kuti ndipange chiyani amakubwezera funso, inu mukuona bwanji. Mphindi zoyamba ndinkangoti mumtima kodi anthuwa amalandirira chiyani malipiro. Kenako anandifunsa kuti pa ntchito yanga yakale, tsiku limene ndinaweruka mtima uli mbee ndinali nditapanga chiyani. Ndinaganiza kanthawi, ndipo chimene chinatuluka chinandidabwitsa ndekha, sanali masiku a misonkhano ya pansi pa mtengo amene aliyense ankandiyamikira, anali masiku amene ndinkakhala ndekha ndi mafomu ochokera ku filudi nkumafufuza chifukwa chake manambala a dera lina sakugwirizana ndi a dera linzake, mpaka kupeza kuti ena ankawerenga ndi ndowa ena ndi matumba. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti njira yanga ndi yokhala manejala wa pulojekiti chifukwa ndi mpando umene aliyense amalozera, pomwe mtima wanga uli ku kafukufuku ndi kulondoloza zotsatira. Palibe anandiuza, anangondifunsa mpaka ndinanena ndekha.

Panalinso kamasewera ka makadi. Amakupatsa mulu wa timakadi, kalikonse kalembedwa chinthu chimene munthu angafune pa ntchito, kudziimira pawekha, kutchuka, kupeza nthawi yopuma, kuyendayenda, luso lopanga zatsopano, nde iwe uzisanja kuyambira chofunika kwambiri. Ndinasanja koma ndinawauza kuti chachikulu mulibemo, fizi ya azing'ono anga ndi feteleza wa amayi. Sanachite zachisoni zija azungu ena amachita ukatchula za kumudzi. Anatenga kakadi kopanda kanthu, anandipatsa ndilembepo ndekha, nkukaika pamwamba pa onse, ndipo kuchokera pamenepo tinayamba kukamba zenizeni, ntchito ya kontilakiti ya zaka ziwiri yolipira bwino kapena ya penshoni yolipira pang'ono, malipiro omangiriridwa ku dola kapena a makwacha okhaokha. Aliyense amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu November 2023 akudziwa kuti funso limenelo si lamasewera. Iwo za kwacha sankazidziwa, ndinawafotokozera ndine, koma atamva anadziwa mafunso oyenera kufunsa.

Amakupatsanso zida za pa intaneti zoti ukadziyese wekha kunyumba, ndipo izi mutha kuziyesa ngakhale muli ku Zomba chifukwa nzaulere. Ya asayansi ndi myIDP, inayamba mu 2012 pansi pa AAAS, bungwe la ku America losindikiza magazini ya Science. Umadzipatsa malikisi pa luso lako, zomwe umakonda ndi zomwe umaziona zofunika, kenako imakuyerekezera ndi njira 20 za ntchito zomwe munthu wa sayansi angatsate, nkukuthandiza kulemba zolinga ndi masiku ake. A mbiri, zilankhulo, za chikhalidwe cha anthu ndi ena otero yawo ndi ImaginePhD, ya Graduate Career Consortium, inatuluka mu 2017, ndipo ngakhale dzina likuti PhD wa masters amapindula nayo. Prospects ndi ya ku UK, imafotokoza ntchito iliyonse kuti tsiku lake limayenda bwanji ndipo amafuna mapepala anji. Zonsezi anazilembera anthu a ku America ndi ku Britain, nde njira zina zimene zingakutulukireni, monga za ma patent kapena zogulitsa zipangizo za mu labu, kwathu mipata yake ndi yowerengeka, malipiro olembedwawo musawayang'ane nkomwe mungadwale nawo mtima. Chimene ine ndinatolapo ndi mndandanda wa maluso. Unandionetsa poyera kuti kulemba ndimatha, kusanthula manambala ndimatha, koma kulemba pulopozo yopempha ndalama ndinali ndisanayambe ndagwirapo, pomwe ntchito zonse zimene ndinkazisirira zimafuna zimenezo.

Intavyu yoyeserera musaiphonye. Umawatumiziratu ntchito imene ukufunsira, iwo amakonza mafunso, tsikulo amakukhazika ngati zenizeni ndipo ukavomera amakujambula. Kudziona wekha pa vidiyo ndi chilango, ine ndinapeza kuti funso lililonse ndimayamba ndi kuthokoza chifukwa cha funsolo, kenako mbiri ya pulojekiti kuyambira pamene wopereka ndalama anabwera, yankho lenileni likubwera nthawi itatha. Maso nawo ali pansi, monga tinaleredwera kuti wamkulu sumuyang'anitsitsa. Amaphunzitsa njira ija amati STAR, unene mmene zinthu zinalili, ntchito imene inali patsogolo pako, chimene iwe unachita, ndi chimene chinatulukapo, zonse mu mphindi ziwiri. Povuta ndi pachitatupo. Ife timafotokoza zimene gulu linachita chifukwa kudzitchula wekha kumamveka ngati matama, nde mayi aja ankangondidula, chabwino gulu linachita zimenezo, nanga inuyo munagwira pati? Zimenezi zinandithandiza mpaka kumudzi, chifukwa ma panelo a m'mabungwe akuluakulu ku Lilongwe mafunso awo ndi omwewo, tiuzeni nthawi imene munasemphana ndi mnzanu wa ntchito, tiuzeni nthawi imene zinthu zinalakwika, ndipo ali ndi pepala loika malikisi. Anandiyesetsanso ma intavyu aja ulibe munthu mbali inayo, funso limangotuluka pa sikirini wotchi nkuyamba kuwerenga, zosasangalatsa koma bola kukumana nazo koyamba pamalo poti sukutaya kanthu.

Kumene zinayamba kundikhumudwitsa ndi ku chionetsero cha makampani chija chimachitika mu October. Holo yodzaza matebulo, mabanki, makampani owerengera ndalama, ma supamaketi, a zomangamanga, aliyense akugawa mabolopeni ndi tizikwama ndi maswiti. Ife alendo timayenda tebulo ndi tebulo ndi funso limodzi, kodi mumathandiza za viza, ndipo nkhope ya munthuyo imasintha usanamalize. Kwa amene mwadzilipirira nokha ndipo mukufuna kutsalira, nkhani yake ili chonchi. Kuyambira July 2021 pali Graduate visa, yokulola kutsalira nkumagwira ntchito ukamaliza sukulu, zaka ziwiri kwa wa masters, zitatu kwa wa PhD, ndipo mu 2025 boma lawo linalengeza kuti ya zaka ziwiriyo liifupikitsa kufika miyezi 18. Ikatha imeneyo umafunika kampani yokhala ndi chilolezo ikutenge pa Skilled Worker, ndipo malipiro ochepetsetsa a viza imeneyo anakwera kuchoka pa £26,200 kufika pa £38,700 mu April 2024, nkukweranso mu 2025, ngakhale ongomaliza kumene sukulu ali ndi mlingo wotsikirapo. Mndandanda wa makampani a chilolezo uli pa gov.uk, aliyense atha kuutsitsa, uoneni musanataye sabata yonse kulemba kalata ku kampani yoti singakutengeni. A Careers ukawafunsa za viza amakana kuyankha, amati lamulo silimalola aliyense kupereka uphungu wa zolowa ndi kutuluka m'dziko, pitani ku ofesi ya ophunzira akunja. Ukapita kumeneko ukafunsa za ntchito akubwezanso ku Careers. Zoona lamulo ndi lamulo, koma kuwakhazika anthu awiriwa m'chipinda chimodzi kamodzi pa mwezi kukanavuta chiyani?

Nanga ife a masikolashipu obwerera? A Chevening amasayinira kuti akamaliza akakhala kwawo zaka zosachepera ziwiri, a Commonwealth nawo amayembekezeka kubwerera, ndipo ngati boma kapena bungwe la sikolashipu linakulipirira zonse, Graduate visa ija imafuna kalata yawo yovomereza. Nde holo yonse ija kwa ife inali yongokatolako mabolopeni. Nditanena kuti ndikubwerera ku Malawi anandilozera timabuku ta pa intaneti tofotokoza kasakidwe ka ntchito m'maiko osiyanasiyana, China ilimo, India ilimo, maiko a ku Ulaya ali mbwee, kwathu mulibe. Nditatchula za chitukuko anandipatsa mayina a mabungwe achifundo a ku London. Sikuti ndi mwano, sakudziwa basi, ndipo anavomera okha kuti sakudziwa, zimene ndinawalemekeza nazo. Koma sukulu imene imatolera ndalama zochuluka chonchija kwa ophunzira akunja ikanatha kulemba munthu mmodzi yekha wodziwa msika wa ntchito wa ku Africa.

Ndinazindikira kuti anthuwa ali ngati telala wa pakhonde, makina ali nawo, luso ali nalo, koma nsalu ndi sitayilo ubwere nazo wekha. Nde ndinayamba kupita ndi nsalu yanga. Ndinkatenga ntchito zolengezedwa mu The Nation ndi Daily Times, za pa ReliefWeb ndi Devex, masamba a pa intaneti a ntchito za chitukuko, ngakhale zoti sindifunsira, nkukaziyala patebulo pawo. Apa ndiye amawala. Amatenga chilengezo nkuchiduladula, izi nzofunika kwenikweni, izi angoikapo, apa akufuna umboni wotere, apa inu mulibe kanthu nde miyezi yatsalayi mupeze pogwira. Tinalemba mndandanda wa malo amene munthu wa maphunziro ngati anga angalowe, IFPRI ku Lilongwe, MwAPATA, mabungwe a kafukufuku a ku Chitedze, LUANAR ku Bunda, National Statistical Office ku Zomba, National Planning Commission, Reserve Bank. Mayina onsewo ndinabweretsa ndine, iwo anabweretsa dongosolo, uyu muyambe naye, uyu mumudziwe kaye. Anzathu a zaumoyo mndandanda wawo ungakhale wina, KUHeS, Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, UNC Project ku Lilongwe. Chimodzi chokha chimene anandiuza iwo ine osachidziwa ndi choti ODI Fellowship ija, imene yakhala ikutumiza achinyamata a zachuma kukagwira zaka ziwiri m'maunduna a maiko osiyanasiyana kuyambira 1963, siya azungu okha, munthu wa dziko lililonse atha kufunsira. Ine ndinkangowaona ku Capital Hill nkumaganiza kuti ndi zawo.

Anandikakamizanso chinthu chimene ndinkachita nacho manyazi, kulembera munthu amene akugwira ntchito yomwe ukuifuna nkumupempha mphindi 20 zongocheza, osapempha ntchito, kungofunsa kuti anafika bwanji pamenepo ndipo tsiku lake limayenda bwanji. Kwa ine zinkamveka ngati kulowera khomo la kuseri. Koma zimagwira, anthu amakonda kufotokoza za iwo eni, ndipo imelo yochokera ku adilesi ya yunivesite ya kunja imayankhidwa msanga kuposa ya Gmail, zomvetsa chisoni koma ndi mmene zilili, igwiritseni ntchito ikadalipo. Chokhacho musatengere ndi kalembedwe kawo. Chitsanzo chimene amakupatsa chimayamba ndi moni wa pa dzina loyamba ngati mukulembera mnzanu wa ku sekondale. Dayilekita wa kwathu mukamulembera choncho mwadzitsekera nokha. Ikani udokotala wake kapena uprofesa wake, nenani amene wakulozerani kwa iwo, pepesani kuti mukuwasokoneza, kenako pemphani. Pa LinkedIn chimodzimodzi.

Nzeru ina yaikulu sinachokere ku Careers, inachokera kwa lekichara wina m'khonde, yoti disateshoni ikhale chiphaso chako cha ntchito. Ndinasiya mutu wapamwamba umene ndinkaufuna nkutenga wa kwathu, pogwiritsa ntchito manambala a Integrated Household Survey, kafukufuku wa m'makomo amene NSO imapanga mothandizana ndi World Bank ndipo amapezeka ulere, nkuyang'ana nkhani ya zipangizo zotsika mtengo, FISP imene inayamba mu 2005 ndi AIP imene inalowa m'malo mwake mu 2020. Pa intavyu iliyonse kumudzi nkhani imeneyi ndi imene inkatenga nthawi. Dandaulo langa ndi loti a dipatimenti ndi a Careers sayankhulana, wina akudziwa phunziro lako wina akudziwa kasakidwe ka ntchito, wolumikiza ndiwe wekha.

A PhD ali ndi mlangizi wawo wapadera, ndipo mnzanga wina wa ku Zambia amene ankapanga yake ankamuyamikira. Iwo ankagwiritsa ntchito kwambiri chikalata cha 2010 cha Vitae, bungwe la ku UK lothandiza ofufuza, chogawa maluso a wofufuza m'magawo anayi, ntchito amasaka pa jobs.ac.uk, ndipo amauzidwa mosabisa kuti si onse adzakhale malekichara. Wa masters amene akufuna kupitiriza amuonetsa tsamba la FindAPhD nkumuuza kuti kuyambira 2021 ndalama za UKRI, bungwe la boma lawo lolipirira kafukufuku, zinatsegukira alendo koma malo awo sapitirira 30 peresenti. Kwa malekichara athu amene ali pa tchuthi cha maphunziro ndipo anasayinira kubwerera ku MUBAS kaya ku Mzuni, funso la ntchito yanji palibe, nde nthawi yanu ndi mlangiziyo ithere pa kalembedwe kopempha ndalama za kafukufuku ndi kupeza anzanu olemba nawo mapepala, zimenezo ndi zimene zidzakusoweni mukabwerera.

Za maganyu amathandiza pang'ono. Viza ya sukulu imalola maola 20 pa sabata nthawi ya maphunziro ndipo siilola kudzilemba wekha ntchito, nde zonyamula zakudya pa njinga zija samalani nazo. Ambiri timathera kosamalira okalamba kapena ku ma warehouse, ndipo ntchito zimenezo timauzana tokha pa WhatsApp, a Careers amakhala ndi za pa kampasi zomwe zimaphwanyiranidwa. Anandiuza kuti ganyu yosamalira okalamba ndiiike pa CV ya ku UK chifukwa imaonetsa kuti ndagwirapo ntchito m'dzikomo ndipo pali wondichitira umboni, zimene zinali zoona. Alinso ndi kamakina kowerenga CV nkukupatsa malikisi pa 100. Kameneko musakakhulupirire kwambiri, kanandichotsera malikisi ati ndalakwitsa masipelo, kuyang'ana masipelowo ndi Ntcheu, Mchinji ndi Chitedze kkkk.

China chimene palibe anandichenjeza ndi nkhani ya setifiketi. Disateshoni umapereka kumapeto kwa August kapena mu September, zotsatira zimatuluka cha mu November, mwambo wa zipewa ndi December kapena January, iwe nkuti uli kale kumudzi ukufunsira ntchito ndi digiri yapakamwa. Musananyamuke pemphani kalata ya sukulu yonena kuti mwamaliza ndi pepala la magiredi amene alipo kale, ndipo funsani kuti setifiketi yeniyeni adzaitumiza bwanji, ya pa positi wamba ija ikhoza kuyenda miyezi. Malo ena kwathu amafunanso kuti pepala la kunja lidutse kaye ku NCHE alitsimikize, nde zonsezi zimadya nthawi imene iwe umaganiza kuti ukhala ukulandira kale malipiro.

Ukamaliza sukulu sakutaya, pa sukulu yanga ankalola kupitiriza kuwagwiritsa ntchito zaka zingapo, sukulu zina akuti mpaka kalekale, funsani yanu. Ndinachitapo nawo intavyu yoyeserera pa Teams ndili ku Area 25, inathandiza ndithu ngakhale magetsi anazima pakati tinamalizira pa foni. Kumbukirani kuti nthawi yozizira kwawo ife tili patsogolo ndi maola awiri, yotentha ola limodzi, tsamba lawo limaonetsa nthawi ya kwawo. Ndipo akaunti ya sukulu imatsekedwa pakapita miyezi yochepa, nde musanakwere ndege sinthani kuti muzilowa ndi imelo yanuyanu, tsitsani ma CV onse, zotsatira za mayeso aja ndi vidiyo ya intavyu, chifukwa kuti akutsegulireninso muli kuno ndi maimelo a sabata zingapo, ofesi iyi kukutumizani ku ya makompyuta, ya makompyuta kukufunsani nambala ya khadi la sukulu limene munalisiya mu jekete ku England.